Tsiku Limene Ambuya Anagona Mpaka Dzuwa Litakwera

Ife tinakulira ku Mtendere ndi ku Kaunda Square, koma kwathu kwenikweni ndi ku Mwase Lundazi, ndipo mawu akuti holide tinawamvetsa mochedwa. Sukulu ikatseka mu Ogasiti, amai anali kutikweza basi pa Intercity kusanache, atatilongedzera shuga, sopo ndi saladi wa ambuya m'chikwama cha ukwa. Tsiku lonse linali kuthera pa Great East Road: nsomba zouma pa Luangwa Bridge, nthochi pa Nyimba, Petauke, Katete, Chipata, ndiyeno makilomita ena pafupifupi 180 kukafika pa Boma ya Lundazi, imene akuluakulu amaitcha Kanele. Kumudzi tinali kufika fumbi lili m'mano. Mawa lake holide yayamba: kutongola chimanga, kusenda nshawa mpaka zala kutupa, kutunga madzi, kuperekeza ngolo ku chigayo.

Sukulu ikatsegula, aphunzitsi a Chizungu anali kutiuza kuti tilembe za holide yathu. Anzathu anali kulemba za Siavonga, za boti pa Kariba, za Mosi-oa-Tunya. Ife tinali kunama chabe. Mmodzi wa ife analemba zaka ziwiri zotsatizana kuti anakwera hachi ku Livingstone, pamene nyama yokha imene anaikwerapo m'moyo wake ndi bulu wa aneba, amenenso anamugwetsa.

Tili asanu, adzukulu a ambuya amodzi, ana a amai awiri apachibale. Titayamba kugwira ntchito, manyazi a pa pepala aja sanathe, anangosamukira pa Facebook. Uko timaona mabanja a anzathu ali pa loji za m'mapiri, onse atavala majuzi ofanana, moto uli lawilawi kumbuyo, ana ali pa njinga. Mu Febuluwale 2022 tinagwirizana pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense aziika K500 pa mwezi, ngati chilimba koma chosagawana, kuti tidzatenge banja lonse, ambuya patsogolo, kupita ku Chelinda pa phiri la Nyika.

Tinasankha Nyika chifukwa ndi phiri lathunso. Mbali yaikulu, masikweya kilomita oposa 3,000, ili ku Malawi, koma kachigawo ka masikweya kilomita 80 ndi paki ya Zambia, ndipo kuti ukafikeko pa motoka uyenera kudzera ku Malawi. Anthu a ku Lundazi amalidziwa phirili ndi dzina, koma pa mudzi wathu panalibe amene anakwerako. Kumafika alendo a ku Germany ndi ku Britain. Ife apafupi timangomva.

Ndalama zili mkati mosonkhedwa, zinthu kumudzi zinasintha. Mwase Lundazi ili m'malire, ndipo munda wa ambuya suli kutali ndi nkhalango ya Kasungu National Park. Pakati pa chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Njovu sidziwa boda, ndipo mbali ya Zambia kunalibe waya. Chimanga chitayamba kukhwima mu 2023, ambuya, munthu wa zaka zoposa 70, anayamba kugona pa chilindo ndi tochi, chitini choimba, ndi ndowe zosakaniza ndi tsabola zofukiza. Usiku wina tulo tinawapambana. M'mawa theka la munda linali litagona pansi.

Apa ndi pamene amalume, amene amakhala pa Boma, analowa pa gulu ndi uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi imodzi. Anati ana a m'tauni tili ndi matenda ofuna zithunzi. Anati ndalama zimenezo ndi matumba a D-compound ndi yuriya, ndi malata a khitchini, ndi waya wa sola wozungulira munda ngati tingagwirizane ndi aneba. Anamaliza ndi funso limene linatikhala pammero: "Mufuna kutenga amai anga, amene nyama zawadyera chakudya, mukawalipirire kuti akaone nyama?"

Sitinawayankhe bwino. Tinati feteleza tidzagula ndi zotsala, tinati ambuya akukula, mwayi sudzabweranso. Zonsezo zinali zoona, koma chenicheni chinali chakuti tinali titaonetsa kale anzathu ku ntchito zithunzi za malowo. Amalume anakana kupita nafe. Ambuya titawafunsa anangoti, "Ngati mwalipira kale, tiyeni, ndalama zingaonongeke." Tinali tisanalipire. Palibe amene anawauza.

Tinanyamuka mu Ogasiti 2023, anthu khumi pa motoka ziwiri zobwereka. Pa Boma tinaima pa Castle Hotel, nyumba ya njerwa yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya ija, imene DC wachizungu Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ambuya akhala akuidutsa moyo wawo wonse popita ku chipatala ndi ku msika, koma anali asanalowemo. Anamwa Fanta ataima pakhomo, nati m'kati ndi mwa anthu ena. Tinawoloka pa Lusuntha, tinagwira msewu wa M1, kudutsa Mzuzu mpaka Rumphi, kumene tinagona. Kuchoka apo ndi fumbi ndi mabampu, Bolero, geti ya Thazima, ndiyeno makilomita ena pafupifupi 60 okwera okhaokha. Pena msewu umatsata malire enieni, ndipo amai anali kuseka kuti dzanja limodzi lili kwathu, lina lili kwa eni.

Mitengo ya m'tchire imene tinazolowera inayamba kufupika, kenako inatha. Pamwamba pali udzu wokhawokha, mapiri osalala otsatizana mpaka kumene diso lithera, ndi mphepo yolasa m'mafupa. Chelinda ili pamtunda wa mamita oposa 2,000. Pali nkhalango ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, madamu a madzi ozizira, ndi tinyumba tokhala ndi malo osonkhapo moto m'kati. Netiweki inali ya mwayi. Kwa ife a zithunzi, chimenecho chinali chilango choyamba.

Ambuya anayendera nyumba yonse ngati munthu wodzagula. Anagwira khoma, anasuzumira m'khitchini, anaona mulu wa nkhuni pakhonde, ndi madzi osamba otenthetsa ndi moto. Ndiye anatiyang'ana. "Ana inu, mwachoka ku magetsi, mwalipira madola, kuti mudzaothe nkhuni? Kwanga nkhuni zinatha?" Tinaseka, koma kuseka kwa munthu wogwidwa. Zaka zonse zija tinali kuthawa utsi wa kumudzi, kuchapa zovala kawiri tikabwerera ku Lusaka kuti anzathu asamve fungo. Manje utsi womwewo tinali kuuyang'anira ngodya yabwino pa foni.

Panali bambo wina wogwira ntchito pamenepo, wosonkha moto ndi kuphikira alendo. Tsiku loyamba ambuya analimbana naye pa mthiko. Anati mwamuna wa msinkhu wa mwana wawo sangawaphikire nsima iwo ali ndi manja. Bamboyo anawayankha m'Chitumbuka, mwaulemu, kuti akamuchotsa pa mphika ndiye kuti amuchotsa ntchito. Ku Lundazi Chitumbuka ndi cha tsiku ndi tsiku, ndipo ambuya amachilankhula ngati Chichewa chawo, motero nkhondo inasanduka macheza. Anamufunsa kwawo. Anati amakhala kumunsi, cha ku Rumphi, koma makolo ake anali a m'mapiri momwemo. Paki inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo itakulitsidwa mu 1978 midzi yambiri inasamutsidwa, wawo umodzi mwa iyo. Manda a agogo ake ali m'kati mwa paki. Ambuya anakhala chete kanthawi, kenako anamuuza za munda wawo. Ife tinali pambali ndi makapu a tiyi, tikumva theka, ndipo palibe amene anatulutsa foni.

Zochita zinalipo zambiri, ndipo tinazichita monga anthu olipira. Tinakwera njinga za m'mapiri mpaka mpweya kutithera, chifukwa pamtunda wotere chifuwa cha munthu wa ku Lusaka sichichedwa kudandaula. Ana awiri amene tinali nawo anayesa kuwedza pa damu, sanagwire kanthu. Madzulo tinapita kukaona nyama: mbidzi, ntchefu zazikulu ngati ng'ombe za ngolo, chilembwe, mphoyo. Tinafika pa nyanja yaing'ono ya Kaulime, imene anthu a kumeneko amailemekeza kuyambira kale, ndipo wotiperekeza anatiloza kumene kuli Nganda, nsonga yoposa zonse, ya mamita oposa 2,600. Ambuya anakana kukwera motoka yokaona nyama. Anati iwo nyama zimabwera zokha kudzawaona, ndipo sizilipira.

Chimene tikukumbukira kwambiri chinachitika m'mawa wa tsiku lachiwiri. Tinadzuka cha m'ma 6, chisanu chili mbuu pa udzu. Chitseko cha ambuya chinali chotseka. 7 inakwana, chitseko chotseka. Munthu ameneyu sitinamuonepo ali m'tulo. Tili ana, tikamagona iye anali akali kusenda kanthu pa moto, tikamadzuka bwalo linali losesa kale ndipo phala lili pa mafuwa. Pofika 8 amai athu awiri anayamba kuyang'anana, ndipo tonse tinaganiza chinthu chimodzi chimene palibe anafuna kuchitchula. Wamkulu wa ife anagogoda pang'ono, natsegula.

Anali m'tulo tofa nato, atadzikuta mabulangeti atatu, botolo la madzi otentha ali nalo pamimba ngati khanda, akuliza mkonono. Tinatseka chitseko pang'onopang'ono. Anatuluka dzuwa litakwera, nkhope itatupa, akuchita manyazi ngati mtsikana wopezeka ndi kalata. "Bwanji simunandidzutse?" Tinati panalibe choti achite. Anakhala pakhonde, manja ali pa chitenje, osagwira kanthu, ndipo patapita nthawi anati kuyambira pamene chimanga chinamasula, khutu limodzi silinagonepo. Ngakhale atakolola, anali kudzidzimuka usiku poganiza za nkhokwe. Kuno anamva fisi akulira, anadzifunsa kuti ali ndi chiyani panja choti chidyedwe, anapeza kuti palibe, natembenuka.

Tsiku limenelo sanalimbane ndi munthu pa mthiko. Anadya nsima yophika wina, nati yachepa mphamvu pang'ono, koma anamaliza.

Tikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, amalume atagonja. Koma zotsala zija zinangokwana matumba awiri a feteleza, waya sitinagule, ndipo mvula ya chaka chimenecho inadula pakati. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Kwa nthawi yoyamba unga unayenda chobwerera: m'malo mwakuti basi itibweretsere thumba la kumudzi, ife ndife tinali kutumiza ndalama ya bulekifasti pa foni mwezi ndi mwezi, mtengo ukukwera, malodishedingi atatipanikiza ku ntchito. Ndalama imene tinaisiya pa phiri ikanadyetsa nyumba ya ambuya miyezi yambiri. Amalume sananene kuti ndinakuuzani. Anali kungotumiza mtengo wa unga pa gulu, popanda mawu ena, ndipo zimenezo zinali kuwawa kuposa uthenga wa mphindi zisanu ndi imodzi uja.

Pakati pathu asanufe mpaka lero sitigwirizana. Awiri akuti tinalakwa, tinagula chithunzi ndi njala ya nkhalamba. Awiri akuti tulo tija tinali toyenera mtengo wake, ndipo feteleza sakanagwetsa mvula. Wachisanu, wa bulu uja, amasintha mbali malinga ndi amene walankhula naye pomaliza. Chithunzi cha majuzi ofanana sitinachijambule n'komwe, chifukwa ambuya anakana kuvula chikhoti chawo cha salaula.

Tayambanso kusonkha, ndipo pa gulu mkangano wabuka kale: waya kapena ulendo. Sabata yatha tinapempha mwana wa aneba kuti apite ndi foni kwa ambuya, atifunsire maganizo awo. Uthenga unabwera madzulo, nkhuku zikumveka kumbuyo. Anapereka moni kwa aliyense ndi dzina lake, anadandaula bondo, anati njovu zinadutsa kumunsi kwa dimba koma sizinalowe. Za waya anati tifunse amalume athu, ndiwo adziwa mitengo. Kenako anatsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amva, nafunsa ngati ku Kamwala amagulitsa botolo la labala lija loikamo madzi otentha.