Chilumba cha Mayina Awiri

Ulendo wa lero tiuyenda ndi buku m'manja. Tikupita ku Australia, pa chilumba chamchenga chimene chili kum'mawa kwa mzinda wa Brisbane. Alendo amakwera sitima yapamadzi ku Cleveland nakatsikira pa doko la Dunwich. Pa mapu chilumbachi chimalembedwa North Stradbroke, kuchokera ku dzina la Stradbroke limene Angerezi anapereka m'chaka cha 1827. Koma eni nthaka, Aaborijini, amachitcha Minjerribah kuyambira kalekale.

Ine ndinachidziwa chilumbachi kudzera mwa mayi wina wa kumeneko, Kath Walker, amene anabadwa mu 1920. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 13 nakagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu. Komabe mu 1964 anasindikizitsa buku la ndakatulo lotchedwa We Are Going, nakhala mayi woyamba mwa Aaborijini kutulutsa buku lotere.

Buku lake limene linandigwira mtima ndi Stradbroke Dreamtime, la mu 1972. M'menemo akusimba za ubwana wake: kusodza, kusaka nyama ya m'madzi yotchedwa dugong, ndi nthano za makolo. Bambo wake anali ndi lamulo limodzi losasinthika, lakuti chamoyo chiphedwe pokhapokha pofuna ndiwo. Tsiku lina anawo anapha mbalame imene sankayenera kupha, ndipo chilango chawo chinali kuletsedwa kusaka. Nditawerenga pamenepa ndinatseka buku ndi kuganizira ana athu amene amagenda mbalame ndi malegeni n'kuzisiya pansi.

Chilumbachi chinaona zowawa. Kwa zaka zambiri makampani ankakumba mchenga wake kufuna miyala ya mtengo wapatali, pamene eni ake analibe mawu. Mayiyu sanangodandaula ayi. Anabwerera kwawo natsegula malo ophunzitsirapo otchedwa Moongalba, kumene ana zikwizikwi, akuda ndi oyera omwe, ankabwera kudzamva za mitengo, nyama ndi miyambo ya kumeneko. Mu 1987 anabweza mendulo ya ulemu ya MBE, pokana chikondwerero cha 1988 cha zaka 200 chifikireni Angerezi. Anasiyanso dzina lachizungu nadzitcha Oodgeroo Noonuccal. Oodgeroo ndi mtengo wa khungwa lopyapyala ngati pepala, ndipo Noonuccal ndi fuko lake.

Anamwalira mu 1993 asanaone mathero a nkhondo yake. Mu 2011 khoti linavomereza kuti anthu a Quandamooka, fuko lake lili momwemo, ndi eni nthaka ya chilumbachi. Kukumba mchenga kunatha mu 2019.

Makolo anzanga, dzina limene agogo anatcha gombe kapena phiri limafa ngati palibe wolitchula kwa ana. Mayi uja analilemba lake m'buku, ndipo lero ife akutali tikutha kulitchula: Minjerribah.