Azakhali akasiya kusamba, amawafufuza ndani?

Kwathu ku Chintheche, mayi akasiya kusamba timati wapuma. Ine ndimakayika. Kuno ku Malawi kuyeza khansa ya khomo la chiberekero kumalunjika amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo njira yopaka viniga ija siionetsa bwino mwa osiya kusamba, chifukwa pamene khansa imayambira pamakhala patalowa mkati. Ku America, kafukufuku wa Women's Health Initiative anakanganitsa madokotala mu 2002 pa za mankhwala a mahomoni. Nanga azakhali anga oyanika usipa ku Kande, ochapa m'madzi a likodzo chibadwire, matupi awo akuwafufuza ndani? Magazi akatuluka munthu atasiya kale kusamba, si mwezi wabwerera, anzanga. Ineyo ndimawaumiriza kupita kuchipatala, ngakhale amati zimenezi mwana sakamba ndi akulu.