Ku Stone Town ndinaphunzira kuti khoma nalo limapuma

Ndinatsika boti lochokera ku Dar es Salaam dzuwa likuswa mtengo, titayenda maola awiri panyanja. Nditangolowa mu Stone Town, tauni yakale ya pachilumba cha Zanzibar, foni yanga inabalalika: imati ndikhotere kumanja, pomwe kumanjako kunali khoma. Tinjira tambiri ta kumeneko n'topapatiza moti galimoto silingadutse.

Ndinafikira kwa mayi ena achikulire amene amachititsa lendi chipinda chimodzi kwa alendo. Pansi tinkagona anthu, pamwamba amisiri ali kalikiliki kukonza. Chimene chinandidabwitsa m'mawa mwake n'chakuti ankagumula pulasitala wa simenti wooneka bwinobwino. Kwathu simenti ndi ulemu, ndiye ndinafunsa ngati ndalama zawachulukira.

Mmisiri wamkulu anangoseka, n'kundigwiritsa khoma pamene anali atagumulapo. Linali lonyowa, likufumbutuka ngati chigumu. Nyumba za kuno, zambiri za m'zaka za m'ma 1800, anamangira miyala ya m'nyanja, ija ya timabowo ngati siponji, n'kuimata ndi laimu wosakaniza ndi dothi. Khoma lotere limamwa chinyontho n'kuchitulutsanso. Mukalipaka simenti mwalitseka mphuno: madzi ndi mchere zimatsalira m'kati, khoma limafooka, mitanda ya denga n'kuyamba kuolera kunsonga. N'chifukwa chake ankabwezeretsa laimu, amene amamuviika m'madzi kwa milungu asanamusakanize ndi mchenga.

Chachiwiri ndi zipinda. N'zazitali koma zopapatiza, pafupifupi mamita atatu m'lifupi, chifukwa mitanda yake ndi ya mitengo yomera m'madzi a mchere, imene m'Chiswahili amati boriti, ndipo siitalika kuposa pamenepo. Mwana wamwamuna wa mayiwa, msinkhu wangawu, ankafuna kugwetsa khoma limodzi kuti pakhale balaza lalikulu ngati a pa Instagram. Mmisiri anakana kwamtuwagalu, ati khomalo ndi limene lanyamula chipinda cha pamwamba.

Musaganize kuti akukhala moyo wachikale. Bafa la shawa lilipo, chimbudzi chamadzi chilipo, Wi-Fi ikugwira mpaka pakhonde. Kungoti chatsopano chilichonse chalowa mopempha. Mapaipi sanawakwirire m'khoma, anawadutsitsa poonekera kuti akayamba kudontha adziwe tsiku lomwelo. Mawaya amagetsi nawo ali m'timapaipi tawo. M'malo mwa makina oziziritsa m'nyumba anaika fani, n'kukonza mawindo akale amatabwa kuti mphepo ya kunyanja izidutsa. Chitseko chosemedwa, cha misomali ikuluikulu yonyezimira, anangochitsuka n'kuchipaka mafuta. Benchi ya miyala ya pakhomo, imene amati baraza, ili pomwepo, ndipo madzulo timamwerapo khofi ndi aneba.

Zonsezi si zotchipa, komanso sungangodzuka n'kuyamba kugumula. UNESCO inaika Stone Town pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000, ndipo wofuna kusintha nyumba amayenera kutenga chilolezo ku bungwe la Stone Town Conservation and Development Authority. Ngakhale zili choncho, nyumba zimagwabe. Beit al-Ajaib, chinyumba chotchuka chimene Sultan Barghash anamanga mu 1883, mbali yake ina inagwa pa 25 December 2020. Nyumba zina zambiri zasanduka mahotela, eni ake n'kusamukira kunja kwa tauni.

Mayiwa nawo ogula anawapezapo kangapo. Nditawafunsa chifukwa chimene sagulitsira, anandiloza pabaraza paja. “Mwanangu, ndalamazo ndingakagule nazo nyumba ina, koma aneba awa ndikawagula kuti?”

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinkaganiza za nyumba ya agogo ku Zomba, ya njerwa zootcha zomangira dothi, ya khonde lozungulira. Pagulu lathu la WhatsApp la pabanja takhala tikukangana: ena akuti tiipake simenti yonse n'kutseka khonde likhale chipinda cha lendi, ena akuti tingoigwetsa. Ine ndinali mbali ya simenti, ndipo ndinali nditasonkha kale ya matumba asanu.

Ndinatenga foni n'kulemba kuti: “Amalume, simenti ija musagule kaye. Tiyambe tapeza mmisiri wodziwa nyumba zakale aione.”