Nkhokwe yathu inalira kuti tik, tik, tik

Pa wailesi yathu, mukamva tikuseka kwambiri, dziwani kuti zinthu zavuta. Tsiku limene hard disk yathu inafa tinaseka mpaka misozi. Inali ya 1 TB, yakuda, yomatidwa ndi selotepu pangodya, ndipo tinali kuitcha nkhokwe. Mmawa uja titailumikiza ku kompyuta inangolira kuti tik, tik, tik, basi. Mkati mwa hard disk muli timbale tozungulira ndi kasingano kowerenga, ndipo kakayamba kulira motero, yambani kuitana achibale.

Munali mapulogalamu a zaka zinayi. Ambiri sitikuwalira, zolengeza za mbuzi zosowa zipite ndithu. Koma munalinso mawu a agogo ena a kumudzi kufupi ndi Katete, amene tinawajambula kwa ola ndi theka akusimba nthano ndi kuimba nyimbo za pamtondo. Agogowo anamwalira, ndipo mdzukulu wawo anali atatipempha mawuwo kuti akamveke pa mwambo wa chiliza.

M'malo moganiza chomuuza mdzukuluyo, tinayamba kukangana.

Amdala athu oona za makina ndiwo anayamba. "Ana inu munataya kaseti. Ine ndili nayo C90 ya ukwati wanga, ikali kuimba. Ikatafunidwa, bolopeni ikonza."

"Nanga muimvera pa chiyani, amdala?" anafunsa mwaiche wa zamasewera, uku akugwedeza flash yake ya pamakiyi. Amdala anayang'ana kudenga. Wailesi yawo ya makaseti inafa kale, lamba wake anasungunuka.

Mwaicheyo naye sanapite patali. Flash ndi memory card zimasunga zinthu ndi timagetsi totsekeredwa m'tizipinda tating'ono kwambiri, ndipo timagetsito timathawa pang'onopang'ono mukazisiya zaka m'dirowa, makamaka pakatentha monga m'mwezi wa October. Ndiponso flash yakeyo, yolembedwa 128 GB, anaigula pamsewu, ndipo ikadya nyimbo zochepa imayamba kusanza. Mlongo wathu wa pulogalamu ya azimayi anawonjeza kuti inachapidwapo kawiri m'thumba la jinzi.

CD sinapeze womuimira. Imalowa 700 MB chabe, ndipo zija zowotcha tokha zimafufuma padzuwa ndi kusupuka pamwamba. Zathu zambiri zinapeza ntchito kudimba, zikuopseza mbalame.

Ndiye wina anati cloud, monga amanenera anthu amene sagula okha mabando. Zoona, Google imapatsa 15 GB yaulere, koma kuyambira December 2023 ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osaitsegula. Ife akaunti tinali nayo. Password anali kuidziwa mnzathu mmodzi amene anapeza ntchito ku Copperbelt, ndipo titamuimbira anati mwina ndi dzina la galu wake, koma sakumbuka galu uti.

Amdala anabweranso ndi mphamvu. Anati ngati tifuna chokhalitsa tipite ku miyala ya Mkoma ku Katete kapena ya Thandwe kufupi ndi Chipata, kumene zojambula za makolo zakhala zaka mazana popanda chaja. Tinavomera kuti mwala wapambana. Vuto ndi lakuti mwala suimba nyimbo ya pamtondo.

Chinatipulumutsa ndi chinthu chimene sitinachitchule n'komwe pa mkanganowo. Mlongo wathu uja anakumbuka kuti anatumizirapo aphunzitsi ena kachigawo ka mawuwo pa WhatsApp, ndipo aphunzitsiwo, anthu osafufuta kanthu, anali nako. Mphindi 12 pa mphindi 90. Nthano imodzi yathunthu, nyimbo ziwiri, ndi agogo akukalipira nkhuku. Mdzukuluyo anakhala mu situdiyo namvera kawiri, mutu uli pansi. Anafunsa ngati zina zilipo. Tinamuuza zoona. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Manje titsata lamulo limene akatswiri amalitcha 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi enawo. Limodzi lili pa kompyuta, lina pa cloud yatsopano imene password yake tiidziwa anthu atatu, ndipo lachitatu lili pa hard disk imene imagona kwa amai ake a mlongo wathu, m'chitini cha mabisiketi momwe amasungamo ma reji ndi makadi a kusikelo. Kumeneko ngakhale mbala ziopa. Loweruka loyamba la mwezi timaitenga, timawonjeza zatsopano, ndipo timatsegula mafailo angapo kuti timve ngati akali moyo, chifukwa nkhokwe yakale ija tinali kungothiramo osasuzumira.

Nkhokweyo sitinaitaye, ndiyo imagwira chitseko cha situdiyo kukatentha. Amdala akali kufunafuna lamba wa wailesi yawo, ati mphindi 12 zija afuna kuziikanso pa kaseti.