NYALI ZAKALE

M'nyumba zambiri za m'dziko la Zambia, makamaka za kumidzi, muli nyali zakale zimene zinaleka kuyaka zaka zambiri zapitazo. Zina zapacikidwa kutsindwi kumene zadetsedwa ndi mwaye, zina ziri pansi pa kama, ndipo zina ana aziyesa zosewera nazo. Eni ace amene anadziwa kuzisamala anamwalira, ndipo otsala aziona ngati zitsulo zacabe. Nkhani iyi ndi ya mnyamata wina wa ku Chipata amene anaphunzira kugula nyali zotere ndi kuzikonza, ndi zimene anaziona m'nchito imeneyo.

Mnyamatayo anatsiriza sukulu m'caka ca 2023. Analemba makalata ambiri ofunsira nchito ya ukalaliki, koma panalibe ndi mmodzi yemwe womuyankha. Anali kukhala ndi amai ace, amene anali amasiye, pamodzi ndi mlongo wace wamng'ono woyembekeza kulemba mayeso. Caka ca 2024 cinadza ndi cilala coopsa, kotero kuti m'mwezi wa February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba kumene kucokera magetsi ambiri, ndipo m'mizinda magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Mtsikana uja anali kuwerenga ndi kandulo, ndipo kandulo ikatha anali kutseka buku nagona.

Tsiku lina mnyamatayo anapita kukaona agogo ace aakazi kumudzi, kufupi ndi Katete. Pofunafuna khasu m'kacipinda anapeza nyali yaikulu yokulungidwa m'thumba, ya thanki yozungulira ndi galasi losasweka, ndipo pa thankiyo panali dzina lakuti Tilley. Agogowo poiona anakhala cete kanthawi, kenaka anamsimbira mbiri yace. Amuna ao anali mesenjala wa Boma ku Fort Jameson, umene tsopano ndiwo Chipata. Masiku amenewo Bwana D.C. kapena womthandiza wace anali kuyenda ulendo m'midzi masabata angapo, kuwerenga anthu ndi kumva milandu, nagona m'hema. Amtengatenga anali kusenza hema, tebulo ndi mabokosi, koma nyali inali m'manja mwa mesenjala wokhulupirika, amene anali kuiyatsa dzuwa likalowa. M'caka ca 1964, pamene dziko linalandira ufulu, bwana wina pobwerera kwao anawasiyira nyaliyo.

"Tenga, mdzukulu wanga," anatero agogowo. "Ciyambire maliro a agogo ako palibe anaiyatsa. Ngati iyaka, mlongo wako awerengere."

Pofika kwao mnyamatayo sanafunse munthu. Anathira parafini, napopa kolimba, nayatsa macesi. Pomwepo moto wacikasu unalilima kufikira pamwamba, utsi wakuda unadzaza m'nyumba, ndipo mafuta oyaka anagwera pamphasa. Amai ace anaponyapo bulangeti lonyowa, ndipo nyumba inapulumuka. Akulu anati safunsa anadya phula. M'mawa mwace, manyazi ali m'maso, ananyamula nyaliyo kunka nayo kumsika kwa mkulu wina wosula zidebe ndi mbaula, amene pa unyamata wace anali kukonza nyali za asodzi ndi za eni masitolo.

Mkuluyo anaitembenuza, naigogoda ndi cala, nati, "Mwana wanga, unaitenthetsa poyamba?"

"Iai, Bambo, sindinadziwe kuti afunika kutero."

"Tsono uyamike Mulungu kuti uli ndi nsidze. Khala pansi apa, uone ndi maso ako."

Mmisiriyo anaimasula zigawo zonse, naziyala pacithumba, nafotokoza nchito ya ciri conse. Nyali ya mtundu uwu iribe cingwe. Munthu akapopa, mpweya upanikiza parafini m'thanki ndi kuikweza m'kapaipi koima pakati. Kapaipi kameneka kayenera kukhala kotentha kwambiri kuti parafini isanduke nthunzi. Nthunziyo ituluka pa kaboo kakang'ono ngati nsonga ya singano, nisanganizika ndi mpweya, niyaka m'kathumba koyera kamene amisiri akacha mantle. Cifukwa cace asanapope ayamba aotha kapaipiko ndi moto wa sipiriti. Munthu akapopa kapaipi kali kozizira, parafini ikwera iri madzi, ndipo iyaka monga inayakira m'nyumba ya amai aja.

Cimene cinadabwitsa mnyamatayo koposa ndi kathumbako. Ndi kansalu konyikidwa m'mankhwala a m'nthaka. Tsiku loyamba kukayatsa ulusi wonse upserera, ndipo patsala phulusa louma lokhala ndi maonekedwe a kathumba komweko. Phulusalo likatenthedwa liwala mbee, koma munthu akalikhudza ndi cala ligumuka. Nzeru imeneyi anaitulukira Carl Auer von Welsbach wa ku Austria m'caka ca 1885. Pambuyo pace anthu a maiko osiyana anapanga nyali zopopa zogwiritsa kathumbaka. Ku Berlin, Max Graetz anapanga Petromax m'caka ca 1910. Ku Wichita, m'dziko la America, kampani ya W. C. Coleman inaturutsa nyali yace yonyamula m'manja m'caka ca 1914. Ya Tilley inali ya ku Mangalande, ndipo inafala m'maiko onse amene anali pansi pa Angerezi, kotero kuti kuno anthu anazolowera kucha nyali iri yonse yopopa dzina limenelo. Kuwala kwa Tilley ya ulendo kulingana ndi makandulo 300. Asodzi a kapenta ku Mpulungu ndi a usipa pa nyanja ya Malawi anakhala zaka zambiri akukopa nsomba usiku ndi nyali zopopa zomwezi.

Mkulu uja anamcenjezanso za mafuta. Tilley imwa parafini yokha. Nyali zambiri za Coleman zinapangidwira mafuta opepuka onga petulo. Munthu wothira petulo m'nyali ya parafini aitana imfa m'nyumba mwace, pakuti nthunzi ya petulo igwira moto ngakhale iri patali ndi lawi.

Nchito yokonza inatenga masiku 4. Anatsuka thanki ndi parafini yoyera kufikira matope onse anatuluka. Kacikopa ka m'pampu kanali kouma ngati khungwa, ndipo anakanyika m'mafuta usiku wonse kuti kafewe, pakuti kacikopa kouma sikagwira mpweya. Timphira totseka pa zolumikiza tinali titauma ndi kusweka, tsono anadula tatsopano. Kapaipi kanali kodzala ndi mwaye wouma, ndi kasingano ka m'kati mwace kotsukira kaboo kanali kopindika. Mwamwai mkuluyo anali ndi kena m'citini ca zitsulo zace zakale. Mkuwa anaupukuta ndi madzi a mandimu ndi phulusa losefa. Pa zonsezi mmisiriyo sanalole mnyamatayo kukakamiza cinthu ndi mphamvu. Citsulo cikakana kumasuka anali kuthirapo mafuta ndi kucisiya mpaka mawa, nanena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Madzulo a tsiku lacinai mnyamatayo anaika nyali pabwalo, nayatsa sipiriti, nadikira kufikira moto wace unali pafupi kuzima, ndipo pamenepo anapopa pang'onopang'ono. Nyali inayamba kulira kuti sii, kathumba kanafiira, kenaka kanayera, ndipo bwalo lonse linaoneka ngati usana. Ana a nyumba zoyandikana anabwera ndi mabuku ao, ndipo kuyambira usiku umenewo khonde la amai aja linasanduka sukulu ya madzulo. Makolo a anawo anali kusonkha ndalama za parafini.

Anthu ena poona izi anayamba kubwera ndi nyali zao kuti awakonzere, ndipo mnyamatayo anaganiza zoyamba kugula zakufa ndi kuzigulitsa zamoyo. Amai ace anambwereka ndalama zimene anasunga pogulitsa tomato. Nyali yoyamba imene anagula inali yonyezimira, yopakidwa utoto watsopano, ndipo analipira mosakangana mtengo. Atafika nayo kwa mkulu uja, iye anakhuthula mafuta, napopa mpweya wokha, naimiza thanki m'cidebe ca madzi. Thobvu linayamba kutuluka m'mbali, pamene panali ming'alu yaing'ono yobisika ndi utoto. Thanki yong'aluka ya nyali yopopa siyenera kukhulupiridwanso, cifukwa mafuta ali m'menemo ali opanikizidwa ndipo moto uli pamwamba pace. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Theka la ndalama za amai ace linatayika tsiku limenelo, ndipo anatolapo galasi ndi pampu zokha.

Kuyambira pamenepo anaphunzira kugula ndi maso ndi manja. Ayang'ana pansi pa thanki poyamba, aona ngati pali dzimbiri kapena potupa. Atsegula cotsekera nanunkhiza, kuti adziwe mafuta amene anathiridwamo. Awerenga zigawo, pakuti nyali yosowa cisoti kapena galasi idya ndalama zambiri kuposa mtengo wace. Saopa litsiro, cifukwa litsiro licoka ndi sopo, koma utoto watsopano pa nyali yakale aukayikira. Awerenganso zolembedwa pa citsulo. Nyali zambiri za Coleman ziri ndi mwezi ndi caka zodindidwa pansi pa thanki, ndipo munthu adziwa msinkhu wace mosanamizidwa.

Anaphunziranso nyali zacingwe za galasi, zimene sizizima ndi mphepo. Zambiri zakale zabwino ndi za Dietz, kampani imene inayamba ku New York m'caka ca 1840, ndi za Feuerhand za ku Germany. Timipope tiwiri ta m'mbali mwace, timene ambiri ayesa kuti nta kukongoletsa cabe, ndito titengera mpweya ku lawi, ndipo tikatsekeka ndi zisa za mavu nyali ifuka utsi. Mdani wa nyali zimenezi ndi madzi otsalira pansi pa mafuta, amene abweretsa dzimbiri ndi kuboola thanki. Tiziboo totere amata ndi mtobvu, koma thanki iyenera kukhuthulidwa ndi kutsukidwa bwino moto usanayandikire. Cingwe acidula molunjika, kuti lawi likhale lofanana. Ogula nyali zimenezi anawapeza makamaka pakati pa eni misasa ya alendo odzaona nyama ku cigwa ca Luangwa, kufupi ndi Mfuwe, amene akonda kuziika m'tinjira ndi pamatebulo usiku. Pang'ono ndi pang'ono anabweza ngongole ya amai ace yonse.

Nkoyenera kunena zoona kuti nyali zakale sizidzabwereranso pa malo pace pa kale. Nyali za mphamvu ya dzuwa zafala, sizifuna mafuta ndipo sizitentha nyumba, pamene parafini ndi yodula. Mnyamatayo mwini anagulira mlongo wace ya dzuwa yowerengera m'cipinda, cifukwa nyali yopopa m'nyumba yotseka idya mpweya wabwino ndi kuturutsa wina wosaoneka ndi wosanunkha umene upha munthu ali m'tulo. Timatumba takale tinali ndi mankhwala ochedwa thorium, amene utsi ndi phulusa lace siziyenera kulowa m'cifuwa, ndipo nchifukwa cace kathumba katsopano akaotcera panja ndi kusamba m'manja pambuyo pace. Wogula ali yense mnyamatayo amuuza zimenezi asanalandire ndalama.

Tsiku lina kunabwera mlendo wosonkhanitsa zinthu zakale, monga acitira anthu ena ku Ulaya ndi ku America. Ataona Tilley ija ikuyaka, anachula mtengo woposa phindu la miyezi iwiri. Nthawi imeneyo ufa unali wokwera mtengo cifukwa ca cilala, ndipo m'nyumba munali zosowa zambiri. Mnyamatayo sanagone usiku umenewo. M'mawa anauza mlendoyo kuti cinthuco ciri ndi mwini wace, nakwera basi kunka ku Katete kukafunsa.

Anafika madzulo, ndipo asananene kanthu anayatsa nyaliyo pakhomo pa agogo ace. Agogowo, amene maso ao anali atayamba kucita khungu, anamva kulira kwace, nafunsa kuti aiyandikize. Anakhala nthawi yaitali osalankhula. Pamene mnyamatayo anafotokoza za mlendo ndi ndalama, iwo anati, "Ndinakupatsa, ndi yako. Ngati njala yakula, gulitsa, agogo ako sadzakwiya kumanda. Koma undiuze, mdzukulu wanga, kodi ndi nyali iyi imene ikudyetsa, kapena ndi manja ako?"

Mnyamatayo anabwerera ku Chipata ndi nyali yace, nagulitsa kwa mlendoyo zina ziwiri zimene anakonza yekha, pa mtengo wocepa. Mlongo wace analemba mayeso napambana. Makalata ofunsira nchito alembabe, pakuti maphunziro ace sanawataye, koma tsopano m'mawa uli wonse apezeka kumsika pambali pa mkulu uja, amene manja ace ayamba kunthunthumira ndipo amsiyira zomasula zazing'ono zonse. Anyamata ndi atsikana ambiri otsiriza sukulu adikira kalata imene icedwa kufika, pamene pafupi nao pali amisiri okalamba amene alibe wowalandira nzeru. Wacinyamata amene akhala pansi pambali pa mmodzi wa iwo ndi kufunsa mwaulemu sadzabwerako manja ali zi.