Mikanda ndi Maginito

Pamene ndinali buthu m'komboni ya Wusakile ku Kitwe, kumene atate anga, mlendo wochokera ku Nyasaland, anali kukumba mkuwa pa mgodi wa Nkana, nthenda ya mkazi ya kunsi kwa mchombo sinali kutchulidwa dzina. Amayi anga, amene anataya mwazi zaka zambiri monga mkazi uja wa m'Uthenga Wabwino, ankangoti msana wawavuta. Ndipo dzuwa litapendeka kunkafika agogo ena ndi mizu m'kamphika, nanong'onezana nawo kuseri kwa nyumba, ife ana atatipirikitsa. Sing'anga wa kuchipatala anali nazo zala zake ndi X-ray, imene imaona fupa nilambalala mnofu. Wofuna kudziwa zoposa apo anayenera kung'amba.

Chaka chatha, zowawa zomwezo zitandipeza inenso, ananditumiza ku Ndola kuti akandiunike m'chiuno ndi makina a MRI. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko; ndinakwera basi m'bandakucha ndili wosadya, pakuti anandilangiza kusala maola 4, kuti matumbo angatakasuke nadetse chithunzi.

Makinawo sanandiopse kwenikweni. Chondichititsa manyazi chinali namwino, msungwana wa msinkhu wa mwana wanga, amene anandifunsa m'Chibemba, mosapsatira ndiponso mwaulemu, tsiku limene ndinapita kumwezi, ngati ndili ndi pakati, ngati m'thupi mwanga muli lupu kapena chitsulo chilichonse. Mau amene amayi sakanawanena ngakhale kwa mbale wao ndinawayankha, iye nalemba papepala. Mphete, ndolo ndi mapini a m'tsitsi ndinavula msanga, popeza makinawo ndiwo maginito amphamvu okoka chitsulo. Koma atatchula mikanda ya m'chiuno, imene sanaione munthu wina koma mwamuna wanga yekha, ndinayamba ndakhala chete.

Anandibaya jakisoni wotontholetsa matumbo, nanditseka makutu, nandilowetsa m'mphako mopapatiza, momwe munali kugunda ngati zoboolera mwala zimene atate ankasimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ndinagona mphindi 40 osagwedezeka, ndili chifundire, popanda dzanja londikhudza kapena mpeni.

Patapita masiku, sing'anga anandionetsa chiberekero changa pakompyuta, nawerenga zotupa zitatu, nandiuza kukula kwake ndi kuti zinali zotupa wamba, si khansa ai. Za amayi anga palibe anaziwerenga. Tinawaika m'manda tikunenabe kuti unali msana.