GALANTI YA GALIMOTO SIILIPIRA ZOONONGEKA PA MSEU

Ndalama za fodya, thonje ndi soya zikatuluka, alimi ena a m'maboma a Chipata, Chadiza ndi Lundazi amakwera basi kunka ku Lusaka kukagula galimoto. Wogulitsa akanena kuti galimoto ili ndi galanti, wogula mtima umakhala pansi. Komatu galanti ndi pangano lolembedwa, ndipo mau amene amagamula mlandu ali m'tizilembo tating'ono ta kumapeto, ta m'Cingelezi, tomwe ambiri sawerenga.

Cimene kampani imalonjeza ndi kukonza mwaulere cinthu cimene cinalakwika ku fakitale. Makampani ambiri amapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000, ndipo cimene cayamba kukwana ndico cithetsa pangano. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550. Motero wamalonda amene apita ndi kubwera kawiri pa sabata amatsiriza galanti yake caka cisanathe.

Mlimi wina wa kufupi ndi Chadiza anaziona yekha. Anagula vani yatsopano, ndipo patapita miyezi 8 masipuling'i a kumbuyo anathyoka ali pa ulendo wokagulitsa cimanga. Atafika kwa amene anamgulitsa, coyamba kumfunsa cinali buku la sevisi. Masamba awiri analibe cidindo, popeza mafuta a injini anali kusinthitsa kwa makanika wa ku Kapata amene amdziwa kwa zaka zambiri. Makanikayo nchito anaigwira bwino ndithu, koma pangano limafuna cidindo ca galaja yobvomerezedwa ndi kampani. Anamfunsanso za katundu. Buku limati tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Iye anabvomera kuti anasenza 35. Anabwerera kwao atalipira yekha, ndalama za feteleza zitathera pomwepo.

Mlimiyu anali ndi colakwa cake, koma wogulitsa nayenso sangasambe m'manja. Tsiku lolandira ndalama anali ndi nthawi yoonetsa wailesi ndi mipando, nalephera kumasulira m'Cinyanja tsamba limodzi lokha.

Matayala, mabuleki, kilachi ndi zina zotha ndi nchito kawirikawiri siziwerengedwa. Cimodzimodzinso injini imene yamwa madzi pooloka mtsinje m'dzinja, kapena yoonongeka ndi dizilo yogula m'zigubu m'mbali mwa mseu. Za ngozi ndi nkhani ya inshuwalansi.

Nanga magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa pa Nakonde? Ambiri a iwo amafika opanda galanti iliyonse. Cikalata cimene amalandira atapimidwa asanakwezedwe m'sitima cingonena kuti tsiku limenelo galimoto inali yoyenera kuyenda pa mseu.

Komabe wogula sali yekha. Lamulo la Competition and Consumer Protection la mu 2010 limaletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwira nchito imene anagulira, ndiponso limaletsa zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bungwe la CCPC, loyang'anira lamuloli, lili ndi ofesi mu Chipata. Wopita kukadandaula atenge lisiti, cikalata ca galanti ndi buku la sevisi, cifukwa mau a pakamwa a wogulitsa ndi obvuta kuwapezera umboni.